Adayesa Ndani? Mbiri ya Mankhwala Opaka pa Zilonda

Abale ndi alongo otsogolera sukulu za kwacha, palibe mudzi kuno ku Milange umene mbuzi sizivulala. Ina chingwe chimaidya mwendo pamene yamangidwa m'dzinja kuti isalowe m'chimanga cha eni, ina amaigwira galu, ina nkhupakupa zimaiboola khutu mpaka ntchentche kuikiramo mazira n'kuchita mphutsi. Mwini mbuzi sathamangira ku boma, paja alangizi a ziweto ndi ochepa ndipo mtunda ndi wautali. Amapaka chimene chili pafupi: uyu madzi a masamba a chisoso, uyu alovera, winayo phulusa, wina oyilo wakuda wa m'galimoto. Chilonda chikapola amati mankhwala agwira, mbuzi ikafa amati linali tsiku lake.

Nanga tingadziwe bwanji kuti chapoletsa chilonda ndi mankhwala aja, poti thupi nalo limadzipoletsa lokha? Funso limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo mbali ina ya mbiriyo idachitikira kwathu konkuno ndi kutsidya kwa mtsinje wa Muloza. Talemba kuti muwerenge ndi ophunzira anu, popeza kumapeto kwake kuli ntchito imene munthu wodziwa kulemba angathe kuigwira.

Tsiku limene mafuta adatha

Kupaka zomera pa chilonda n'kwakalekale. M'Buku Lopatulika mneneri Yesaya adalamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa cha mfumu Hezekiya, ndipo Msamariya uja adathira mafuta ndi vinyo pa mabala a munthu wovulazidwa ndi achifwamba. Makolo athu nawo ankadziwa mvunguti pa zilonda, utomoni wofiira wa mlombwa pa zipere ndi mafuta a nsatsi pa khungu losweka. Chimene chidachedwa kubwera, kwa Azungu ngakhalenso kwa ife, ndicho kufanizira: kuika odwala awiri pambali, wina wopakidwa, wina wosapakidwa, n'kuona kusiyana kwawo.

Kufanizira kwina kotchuka kudachitika mwangozi m'chaka cha 1537, pa nkhondo ya ku Turin m'dziko la Italy. Masiku amenewo madokotala ankakhulupirira kuti wonga wa mfuti uli ndi ululu, tsono ankathira mafuta owira pa bala la chipolopolo. Dokotala wachinyamata wa ku France, Ambroise Paré, mafuta adamuthera ovulala asanathe. Posowa chochita adasakaniza ndiwo ya dzira, mafuta a maluwa a rozi ndi utomoni wa mtengo wa paini, napaka otsalawo. Usiku sadagone poopa kuti awapeza atafa. Kutacha adapeza kuti opakidwa dzira aja agona bwino, pamene otenthedwa ndi mafuta mabala adawatupa ndipo thupi lidawatentha. Madokotala ambirimbiri adaona odwala awo akuchira atathiridwa mafuta owira, nayamika mafutawo, chonsecho odwalawo ankachira chifukwa thupi linkalimbana ndi bala ndi mafuta omwe.

Kombe wa Amang'anja

Chomera cha m'dera lathu chimene chidatchuka msanga chifukwa choyesedwa pa nyama sichinali chopoletsa bala. Chinali chopaka ku muvi kuti bala likhale lakupha. M'chaka cha 1859 David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi dokotala wake, John Kirk, napeza alenje a Chimang'anja akusinja njere za kombe n'kupaka ku mivi. Livingstone adalemba kuti tsiku lina Kirk adatsuka mano ndi mswachi umene udakhala m'thumba limodzi ndi kombe, namva kuwawa m'kamwa, ndipo pambuyo pake adaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono.

Kombeyo adamutumiza ku Britain. Kumeneko Thomas Fraser wa ku Edinburgh adamuyesa pa achule ndi nyama zina, nalengeza zoyamba zimene adapeza mu 1870. Mu 1885 adauza madokotala anzake kuti kombe wochepa kwambiri angathandize odwala mtima, ndipo posakhalitsa kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London idayamba kugulitsa mankhwalawo m'mabotolo. Njere zinkagulidwa kwa anthu a m'chigwa cha Shire, n'kutsika ndi mtsinje kunka ku Quelimane, pambuyo pake ku Chinde, n'kukwera sitima za pa nyanja.

Apa padabuka vuto. Kombe ali ndi abale ake ofanana naye njere koma osiyana mphamvu, ndipo m'matumba njerezo zinkasakanikirana. Botolo lina linkakhala lamphamvu mopitirira, lina lopanda ntchito. Opanga mankhwala adayamba kuyesa gawo lililonse pa achule asanaligulitse kuti adziwe mphamvu yake yeniyeni. Muone abale: nzeru inali ya Amang'anja, koma kuyesa, kulemba ndi phindu zidachitikira kutsidya la nyanja. Mayina a Kirk ndi Fraser ali m'mabuku, pamene alenje aja amangotchulidwa ndi dzina la mtundu wawo basi.

Mmene amayesera pa nyama

Pa nkhani ya zilonda penipeni, ntchito imene idasintha maganizo a madokotala idachitika pa nkhumba. Mu 1962 George Winter wa ku England adacheka timabala tosazama pa misana ya nkhumba zazing'ono, tina naphimba ndi pepala la pulasitiki, tina nasiya pamphepo. Tophimbidwa tija khungu latsopano lidamera msanga pafupifupi kawiri kuposa tosiyidwa kuti tiume n'kuchita nkhanambo. Kufikira nthawi imeneyo ambiri ankati bala labwino ndi louma, monga timanenera kumudzi.

Zimene adapeza Winter n'zofunika kwa aliyense woyesa mankhwala opaka. Mafuta okhaokha, kaya Vaseline, kaya phula la njuchi, amathandiza chilonda chifukwa amachisunga chachinyezi ndipo amatchinga fumbi. Tsono munthu akasakaniza ufa wa masamba ndi Vaseline, chilonda n'kupola, sangadziwe ngati agwira ntchito ndi masamba kapena mafuta aja.

N'chifukwa chake ofufuza amagawa nyama m'magulu. Njira imene ambiri amatsata adailongosola Morton ndi Malone mu 1972, ndipo imachitika pa makoswe oyera oweta. Masamba kapena makungwa amawayanika pamthunzi, kuwasinja, kuwanyika m'madzi kapena mu sipiriti, kusefa, n'kuumitsa madziwo mpaka patsale phala lokhuthala. Phalalo amaliyeza pa sikelo n'kulisakaniza ndi mafuta, kawirikawiri magawo 5 kapena 10 pa 100 alionse. Khoswe amamugoneka ndi mankhwala kuti asamve ululu, kumumeta pamsana, n'kuchotsapo kachikopa kozungulira, kukula kwake ngati kachitsekerero ka botolo. Gulu loyamba salipaka kanthu. Lachiwiri amalipaka mafuta okha opanda chomera. Lachitatu amalipaka mankhwala odziwika kale a ku chipatala. Otsalawo ndiwo amalandira mafuta a chomera chija. Pakapita masiku angapo aliwonse amaika pepala loonekera pa bala, kujambula m'mphepete mwake, n'kuwerenga kukula kwake, mpaka patatha pafupifupi masabata atatu. Chomera chimayamikidwa pokhapokha chitaposa mafuta okha aja.

Ngakhale zitatero, khoswe si munthu ndipo si mbuzi. Chikopa chake n'chotakasuka, bala limatsekeka mokokana ngati kukamwa kwa thumba, pamene la munthu ndi la nkhumba limadzaza ndi mnofu watsopano kuchokera pansi ndi m'mbali. Chimene chagwira pa khoswe chiyenera kuyesedwanso pa chiweto kapena munthu amene akufuna kumuchiza. Komanso kuvulaza nyama dala si nkhani yamasewera. Mu 1959 William Russell ndi Rex Burch adalemba mfundo zitatu zimene ofufuza amatsata mpaka lero: pamene pali njira ina nyama isagwiritsidwe ntchito, pamene palibe zikhale zochepa, ndipo ululu wake uchepetsedwe. Ife Akhristu sitidabwa nazo, poti buku la Miyambo, chaputala 12, limaphunzitsa kale chifundo kwa ziweto.

Zina zidapambana, zina zidagwa

Kutsidya kwa nyanja yathu ya mchere, pa chilumba cha Madagascar, anthu ankapaka pa zilonda za khate kachomera koyanga pansi m'malo a chinyontho, kamasamba ozungulira, kamene iwo amati talapetraka, m'mabuku Centella asiatica. Kamameranso m'madambo a kuno. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940 ofufuza adapatulamo chimene chimagwira ntchito, ndipo mwana wa dziko lomwelo, Albert Rakoto Ratsimamanga, pamodzi ndi Pierre Boiteau wa ku France, adathandiza kupanga mankhwala a zilonda otchedwa Madecassol. Ndalama zimene Ratsimamanga adapezapo adathandizira nazo malo ofufuzira zomera a IMRA ku Antananarivo. Mu 1999 ofufuza a ku Lucknow, India, adayesanso mankhwala a m'chomerachi pa mbira, napeza kuti chipsera chidalimba koposa theka kuposa cha mbira zosapakidwa. Nkhani ya talapetraka ikusiyana ndi ya kombe pa chinthu chimodzi: panali mwana wa pakhomo wodziwa kulemba ndi kuyesa.

Uchi nawo udayesedwa. Mu 1988 dokotala Spencer Efem wa ku Calabar, Nigeria, adalemba za odwala 59 a zilonda, ambiri mwa iwo atalephereka ndi mankhwala a ku chipatala. Atawapaka uchi, 58 adapeza bwino. Koma panalibe gulu lofanizira nalo, tsono padafunika kuyesa kwina. Pofika 2015, ataphatikiza zofufuza za m'maiko ambiri, adapeza kuti mabala a moto osazama amapola msanga ndi masiku 4 kapena 5 akapakidwa uchi, koma pa zilonda za mitundu ina umboni udali wochepa. Chisoso chomwechi timadya ngati ndiwo adachiyesa pa makoswe ku Uganda mu 2011, ndipo mabala opakidwa adatsekeka msanga kuposa osapakidwa. Ndi chiyambi chabwino, ngakhale ndi pa makoswe chabe.

Tsono imvani za alovera, amene ambiri timamutama kuti amachiza chilichonse. Pa makoswe wakhala akuonetsa zabwino kambirimbiri. Koma mu 1991 ku America adamuyesa pa amayi amene mabala awo a opaleshoni ya pamimba adatseguka. Osamalidwa mwa nthawi zonse adapola pa masiku 53, pamene owonjezeredwa alovera adatenga masiku 83. Mankhwala abwino pa bala lapamwamba angathe kuchedwetsa bala lakuya.

Chitsanzo chomaliza n'cha ombwe, uja makolo ankaphera nsomba, amene alimi amasambitsira ziweto pofuna kupha nkhupakupa, zomwe zimayambitsa zilonda zambiri. Ena ankati amagwira, ena ankati n'zabodza. Mu 2012 ofufuza a ku Malawi pamodzi ndi anzawo a ku Kew, England, adapeza kuti mbali zonse zinkanena zoona. Ombwe alipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ndipo pafupifupi chitsamba chimodzi mwa zinayi zimene adayesa chinalibe ululu wopha tizilombo. Ndi vuto lomwe lija la njere za kombe, patapita zaka zoposa 100.

Nanga kwathu kuno?

Mwina wina afunsa kuti bwanji kuyesa konseku kumachitikira kwina. Yankho lili m'mbiri yathu. Boma la Apwitikizi silinkawerengera asing'anga, ndipo tisabise, mipingo yambiri inkaika muzu wa chilonda m'thumba limodzi ndi ula. Munthu wodziwa mankhwala akabatizidwa ankachita manyazi kuphunzitsa ana ake. Amene ankalemba anali alendo, makamaka kutsidya. Jessie Williamson adatulutsa buku la Useful Plants of Nyasaland mu 1955. Brian Morris, amene paunyamata wake adagwira ntchito ku minda ya tiyi ya Limbuli, pafupi ndi malire athu, adatulutsa Chewa Medical Botany mu 1996. Mabuku onsewo ali m'Chingerezi.

Ufulu utabwera mu 1975, boma la Frelimo lidatcha zausing'anga kuti obscurantismo, kunena kuti za mumdima. Komabe lidazindikira kuti zomerazo zili ndi ntchito, ndipo mu 1977 unduna wa zaumoyo udatsegula ofesi yofufuza mankhwala a makolo, GEMT. M'ntchito imeneyo mudatuluka mabuku anayi a Jansen ndi Mendes otchedwa Plantas Medicinais: Seu Uso Tradicional em Moçambique, awiri mu 1983, lina mu 1990 ndi lina mu 1991.

Koma nkhondo inali itayaka kale. Pofika kumapeto kwa 1985, pafupifupi chipatala chaching'ono chimodzi mwa zinayi m'dziko muno chinali chitagumulidwa kapena kutsekedwa. Mu 1986 Renamo idalanda tauni ya Milange, anthu zikwizikwi nawolokera ku Mulanje, ndipo boma lidailandanso mu 1988. Ng'ombe za dziko lonse, zimene zinkaposa miliyoni imodzi pa nthawi ya ufulu, zidatsala zosakwana 300,000 pamene mtendere unkasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Otsalira m'tchire ndi m'mphepete mwa phiri la Tumbine analibe bandeji kapena jekeseni, ndipo mabala a anthu ndi a ziweto zomwe ankachizidwa ndi masamba, makungwa, uchi ndi madzi a mchere. Zaka zimenezo mankhwala a makolo adagwira ntchito koposa nthawi ina iliyonse m'moyo wa anthu amene alipo lero, koma panalibe wogwira pensulo. Tikudziwa amene adapulumuka chifukwa amatifotokozera okha. Amene mankhwala adawalephera sangathe kutiuza.

Nkhondo yomweyo idatiphunzitsa kuti kutchuka kwa mankhwala si umboni. Cha m'ma 1990 Manuel António adasonkhanitsa gulu la Naparama m'Zambezia muno ndi ku Nampula. Ankatema anyamata mphini ndi lezala n'kupakamo mankhwala, nawauza kuti chipolopolo sichidzawalowa. Anthu otopa ndi nkhondo adamukhulupirira, ndipo midzi yambiri idamasulidwadi. Munthu akafa ankati waphwanya chizimba, motero mankhwalawo sakadapezeka olakwa ngakhale pang'ono. Mwini wakeyo adaphedwa pa nkhondo mu Disembala 1991. Mankhwala amene akagwira timayamika iwo, akalephera timadzudzula wodwala, amenewo sitingathe kuwayesa.

Mtendere utabwera zinthu zidayamba kusintha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 asing'anga adapanga bungwe lawo la AMETRAMO, mu 2004 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya mankhwala a makolo, ndipo mu 2014 Mozambique ndi Malawi adavomera pangano la ku Nagoya, lonena kuti wotenga chomera kapena nzeru ya anthu a dera apemphe chilolezo ndi kugawana nawo phindu. Koma pangano lingateteze bwanji nzeru imene eni ake sadailembe paliponse?

Kope la kalasi

Apa ndi pamene sukulu ya kwacha ikulowera. Ife tilibe makoswe oyera kapena sikelo zoyezera ufa, ndipo wina asayerekeze kucheka mbuzi dala kuti akuyesa mankhwala. Mabala amabwera okha. Chofunika ndi kope limodzi la kalasi yonse, ulusi ndi rula.

Choyamba, pitani kwa agogo amene adadutsa m'nkhondo, paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pemphani chilolezo musanalembe, ndipo amene safuna kuulula musamukakamize. Lembani dzina la chomera m'Chinyanja, m'Chilomwe kapena m'Chimarenje monga akulitchulira, malo amene chimamera, mwezi wothyola, kaya ndi tsamba, khungwa kapena muzu, ndi kakonzedwe kake. Matani tsamba louma pa tsamba la kopelo kuti mawa pasakhale kusokoneza, ngati zija za ombwe. Pansi pake lembani dzina la mwini nzeruyo ndi mudzi wake.

Chachiwiri, chiweto cha wophunzira chikavulala, lembani tsiku, mtundu wa chiweto ndi chimene chachivulaza. Bala litsukidwe ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, mphutsi zichotsedwe, kenaka yezani m'litali ndi m'lifupi ndi ulusi n'kuika pa rula. Bwerezani kuyeza pa masiku atatu aliwonse kufikira litapola. Lembani zimene mwiniwake wapaka. Lembaninso mabala amene adangotsukidwa n'kupakidwa Vaseline yekha, chifukwa amenewo ndiwo gulu lathu lofanizira. Ndipo koposa zonse lembani zolephera: bala lochita mafinya, lonunkha, chiweto chakufa. Kope lolemba zopambana zokhazokha lingatinamize monga adanamizidwira madokotala a mafuta owira. Mbuzi imodzi siuza kanthu, koma makalasi khumi akasonkhanitsa makope awo pakutha pa chaka, mlangizi wa ziweto kapena wofufuza wa ku yunivesite adzakhala ndi poyambira. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, pali zina zimene sizifunikanso kuyesa, poti zidadziwika kale. Ndowe ndi dothi zimalowetsa kafumbata m'bala. Oyilo wakuda ndi ufa wa m'mabatire zili ndi ululu wowononga mnofu. Munthu akalumidwa ndi galu atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kupita ku chipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Bala lakuya, bala la moto lalikulu, ndi chilonda chosapola cha munthu wa matenda a shuga ndi za ku chipatala. Kope lathu ndi la ziweto ndi la mbiri, silolowa m'malo mwa anamwino.

Ophunzira athu ambiri amafunsa kuti kuwerenga kuwathandiza chiyani atakula kale. M'kope limeneli muli masiku, manambala, miyezo ndi mayina, zonse zimene timaphunzitsa pa bolodi, ndipo mayi amene dzulo ankasaina ndi chala angathe kulemba nzeru ya amayi ake pansi pa dzina lawo lenileni.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi kwanuko anthu amapaka chiyani pa bala la mbuzi kapena nkhumba? Lembani mayina onse pa bolodi, ndipo musiyanitse zomera ndi zinthu zoopsa.

2. N'chifukwa chiyani ofufuza amapaka nyama zina mafuta okha opanda chomera?

3. Nkhani ya kombe ikusiyana pati ndi ya talapetraka?

4. Ndani m'mudzi mwanu adachiza mabala nthawi ya nkhondo ndipo akali moyo? Kalasi ipita liti kukacheza nawo?